Ndinadzala ndi Chizimalupsa

Abale anga, mwandipatsa mpata woti ndiime pano, ndatenda. Ena mwa inu mukundiyang'ana ngati mukundidziwa. Inde, ndine yemwe uja. Ndine Domingu wa ku Zobwe, amene munkamudumpha atagona m'ngalande kuseri kwa loja, sitolo ija ya Che Saidi, zaka zingapo zapitazo. Musachite manyazi kundikumbukira, manyaziwo ndi anga. Dzulo ndinatsika ndi mbatata kudzagulitsa kuno ku Moatize, ndiye akulu a mpingo atandiona anati, usabwerere usanawauze anyamata a mumgodiwa zimene unatiuza ife. Tsono ndikuuzani, ngakhale pakamwa pakulemera.

Ndinalowa mumgodi wa malasha nditangokwatira kumene. Moyo wa apito, wezulo ya pamgodi ija, inu mukuudziwa. Ikalira mudzuke, ikalira mutsike pansi, ikalira mutuluke. Pansi paja kulibe dzinja, kulibe chilimwe. Mdima ndi womwewo, thukuta ndi lomwelo. Ine moyo umenewo unandilowa m'magazi. Kapataze, kapitawo wathu uja, anandikonda chifukwa sindinkachedwa, mpaka anandiika kuti ndiziyang'anira kagulu ka anzanga. Ndinagula relozho, imene anzathu a ku Nyasalande amati wotchi, ndipo malaya ndinkapinda dzanja limodzi lokha kuti izioneka. Ndikapita kumudzi ndinkaona anthu onse ngati ogona. Munthu ukamufunsa kuti abwera nthawi yanji, amaloza kumwamba n'kunena kuti dzuwa likafika apa. Ine ndinkaseka mpaka misozi.

Kwathu mwamuna amakakhala kwa mkazi. Ine ndinali mkamwini pamudzi pa mkazi wanga Rozina, ndipo tinali ndi mwana mmodzi, Tereza. Ntchito ya mkamwini ndi khasu m'munda wa apongozi. Koma mvula ikamagwa ine ndinkakhala kuno, pansi pa nthaka. Ndinkatumiza nsalu, sopo ndi mchere, koma pamudzi nsalu siphimba munda wosalima. Akamwini anzanga ankandinyodola pa mowa. Ankati, «Afika a relozho! Tiuzeni, achimwene, udzu wa m'munda wa apongozi anu wafika nthawi yanji?» Ndinkaseka nawo, koma m'kati ndinkapsa.

Chaka china ndinapempha masiku opuma kumapeto kwa chilimwe, ndipo anandipatsa ochepa. Ndinakwera kwathu ndi cholinga chimodzi, choti ndilime ndi kudzala munda wonse wa apongozi ndisanabwerere, kuti pakamwa pa anthu patsekeke. Kulima ndinalimadi, zimenezo palibe angakane. Ndinasosa, ndinaunga mizere, manja anatuluka matuza. Munda unakhala chikonzekere. Koma kumwamba kunali mbee! Nyenje zikulira, masiku anga akutha. Ndinkayang'ana relozho, ndiyang'ane thambo, ndiyang'anenso relozho, ngati kuti mitambo nayo imamva apito.

Kenako kunagwa maliro a mbale wa apongozi cha ku Kambulatsitsi. Apongozi ndi Rozina ananyamuka ndi mwana, ulendo wogonera. Atangochoka, masana ena mphepo inatembenuka, kunachita mdima, mvula inakhuthuka. Fungo la dothi linadzaza mudzi wonse. Inagwa kanthawi, n'kuleka.

Abale anga, mwana aliyense wa kwathu amadziwa dzina la mvula imeneyo. Ndi chizimalupsa. Imabwera kudzazimitsa moto wa m'tchire ndi kutsuka phulusa, basi, ikatero imapita. Sadzalira. Musaganize kuti sindinkadziwa. Ndinabadwira kumunda, ndinkadziwa bwino lomwe. Koma ndinali ndi masiku ochepa, ndiye ndinaganiza kuti nyengo iyenera kulowa m'masiku angawo.

Mbewu inali m'khitchini mwa apongozi, yomangirira pamtanda pamwamba pa moto kuti utsi uziiteteza. Chinali chimanga chimene apongozi analandira kwa amayi awo, choyera, cholimba njere, choti anankafumbwe ankachilephera. Pamudzi ponse anthu ankadzapempha mbewu imeneyo. Ndipo mukudziwa kuti mkamwini salowa m'nyumba ya apongozi. Ngakhale mukakumana panjira mumapatukirana. Ine ndinakankha chitseko, ndinalowa, ndinatsitsa chimanga chonse. Ndinatenganso cha Rozina m'nyumba mwathu. Ndinakhala pakhonde n'kuyamba kutong'ola.

Mkamwini mnzanga, Antonyo, anandipeza ndikutong'ola. Anaima, anayang'ana lichero, anandiyang'ana ine.

«Shamwali, ijatu ndi chizimalupsa.»

«Mvula ndi mvula, achimwene,» ndinatero. «Inu muzidikira inswa kuti zikuuzeni zochita. Ine ndili ndi ntchito ku Moatize.»

«Siyaniko pang'ono basi. Ngakhale theka.»

«Theka la munda ndidzale, kuti mawa muzinenanso kuti mkamwini waulesi?»

Anapukusa mutu n'kuchoka. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo mmisiri wake ndinali ine. Ndinadzala munda wonse, phando ndi phando, osasiyako njere. Nditamaliza ndinagwada m'mphepete mwa munda n'kupemphera. Pemphero lake ndi limene limandichititsa manyazi kuposa zonse. Ndinati, «Ambuye, ine mbali yanga ndachita. Inu mubweretse mvula ina Lamulungu lisanafike.» Ndinalankhula ndi Mulungu ngati mmene ndinkalankhulira ndi okankha ngolo za malasha.

Amayi aja atabwerako ku maliro, apongozi analowa m'khitchini. Anakhalamo nthawi yaitali. Atatuluka anapita kumunda, ine ndili komweko. Sanandiyang'ane, pajatu mwambo sulola. Analankhula ndi mwana wawo.

«Rozina, uwafunse amunako. Asiyako ngakhale chimanga chimodzi?»

Rozina anandiyang'ana. Ine ndinayankha mokweza kuti amve okha. «Uwauze kuti chaka chino adya mondokwa anthu onse asanadye.»

Apongozi anangomanga nsalu yawo bwinobwino n'kubwerera kumudzi.

Chimanga chinamera. Ayi, chinamera bwino, munda wonse biriwiri pamene minda ya anzanga inali fumbi lokhalokha. Ndinkayenda m'mudzi manja kumbuyo. Lamulungu lija linafika, n'kupita. Linanso linafika. Dzuwa linaswa mtengo. Masamba anayamba kupotana. Masiku anga opuma anatha, koma ndinalephera kuchoka. Ndinatenga chitini n'kumatunga madzi kumtsinje, kuthirira phando limodzilimodzi munda wonse uja, munthu wamkulu ndevu pepeya, ana akundiseka. Ndikafika kumapeto kwa mzere, koyambirira kwauma kale. Chinafota, chinagona pansi, chinapsa. Ukachigwira chinkangofumbutuka m'manja.

Ndiye mvula yeniyeni inabwera. Inagwa usana ndi usiku, nthaka inakhuta, inswa zinatuluka. Mudzi wonse unathamangira kuminda ndi nsengwa za mbewu, amayi akuimba. Pakhomo pathu pokha panalibe chodzala. Ine ndinaima kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinaona apongozi anga atanyamula kansengwa kopanda kanthu, Rozina pambuyo pawo, akuyenda khomo ndi khomo. Mayi amene ankagawira mudzi wonse mbewu. Ndinawaona akugwada pakhomo pa mayi wina amene anali asanalankhulane naye kwa zaka chifukwa cha malire a dimba. Mayi uja anawasiya chigwadire m'matope kanthawi ndithu asanalowe kukatapa.

Mwamuna weniweni akanapita kukagwada nawo pamenepo. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinatenga malaya anga, ndinatsika phiri mvula ikundimenya. Sindinatsanzike munthu. Tereza anali pakhonde akusewera ndi madzi odontha padenga, ndinamudutsa.

Zotsatirazo ndizinena mwachangu, chifukwa ena mwa inu munaziona. Kumgodi malo anga anali atapatsa wina. Kapataze anangoti apito sidikira munthu. Ndinayamba maganyu, kukweza malasha, kusenza matumba. Ndinalawa kachasu kuti ndigone, kenako ndinkamwa kuti ndidzuke. Relozho inapita, nsapato zinapita, bulangete linapita. Ndinamenyana pa mowa, asipayo, apolisi aja, anandigwira, ndinalawa mbalamatodya, thabwa lawo lija lomenyera m'manja, mpaka manja anatupa osatha kugwira chikho. Nditatuluka ndinapita kukamwanso. Ndikaledzera ndinkaima pamsewu n'kumaloza kumwamba, ndikukuwa kuti, «Inu munandinyenga! Munandionetsa mvula n'kuibisa!» Anthu ankaseka, ndipo ena mwa osekawo mwakhala pano.

Munthu wina wakwathu anandipeza n'kundiuza kuti pakhomo pathu palowa njala. Mbewu yopempha ija inali yosakaniza, ina yofumbwa, ndipo anadzala mochedwa. Anati Rozina akumawoloka malire kupita ku Nyasalande kukalima m'minda ya anthu kuti amupatse gaga, mwana ali kumsana. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinamupempha munthuyo kuti andigulire mowa. Dzinja limenelo linatha, lina linabwera n'kupitanso, ine osaponda kwathu.

Tsopano ndifike pa tsiku limene Mulungu anandigwira. Sanandigwirire m'tchalitchi ayi. Anandigwirira pakhonde la loja ya Msilamu.

Che Saidi ankandilola kusenza matumba ake, ndipo ankandilekerera kugona kuseri. Unali mwezi wawo wosala kudya, nthawi ya masika. Kuno ku Moatize mukudziwa, ngakhale masika dzuwa limaluma. Tsiku limenelo tinatsitsa matumba a mchere kuyambira m'mawa, iwonso akunyamula nawo chifukwa wantchito wawo anadwala. Ine ndinkamwa madzi pafupipafupi. Iwo osalawa ngakhale dontho. Chakumadzulo anatseka loja, anayala mphasa pakhonde, akazi awo anabweretsa chikho cha madzi ndi mbale ya phala n'kuika patsogolo pawo. Anakhala pansi, manja pamaondo, n'kumayang'ana kumadzulo. Milomo yawo inali itang'ambika. Ndinkaona kholingo lawo likukwera ndi kutsika.

Ine ndinali ndi matsire, mutu ukuwawa, ndipo zinandinyansa.

«Che Saidi, imwani madziwo,» ndinatero. «Dzuwa lakhala kale paphiri. Kwatsala chiyani? Palibe akukuonani.»

Anaseka pang'ono. «Domingu, dzuwalo ndi lako?»

«Ayi.»

«Nanga ndi langa? Mwini wake akalilowetsa, ndimwa.»

«Koma ludzu likukuphani.»

«Ludzulo ndiye langa. Nthawi si yanga.»

Ndinafuna kuwagonjetsa. Ndinati, «Nanga mwini wakeyo akachedwa nalo?»

Anatembenuka n'kundiyang'ana, osati mokwiya. «Chibadwire changa sanachedwepo. Amene ndimafulumira ndine.»

Za munda wanga sankazidziwa, sindinawauzepo. Anabwezera maso awo kumadzulo. Ine ndinakhala pansi m'fumbi pafupi ndi mphasa yawo. Tinakhala awiriwiri, tikuyang'ana dzuwa. Linkatsika pang'onopang'ono, losalabadira ludzu la munthu. Ntchentche inatera pamlomo wa chikho, iwo anaiingitsa, osakhudza chikhocho. Ndipo ine ndinayamba kuona munda uja. Ndinaona kuti Mulungu sanandinyenge. Chizimalupsa anaitumiza kudzagwira ntchito yake, ndipo inaigwira. Mvula yodzalira anaitumiza pa nthawi yake, ndipo onse amene anadikira anakolola. Chaka chija sichinali cha chilala. Njala inalowa pakhomo limodzi lokha, ndipo amene anaitsekulira chitseko ndinali ine. Ndinkafuna kukhala pampando wa Mwini nyengo chifukwa choopa kusekedwa pa mowa.

Dzuwa litalowa, Che Saidi ananong'ona pemphero lawo, anamwa, kenako anandipatsira chikho. Ndinachilandira. Manyazi amene ndinkawathawa ndi kachasu nthawi yonse ija anandipeza pamenepo ndili wosaledzera, ndipo ndinalira ngati mwana pamaso pa mayi wa pakhomopo.

Musaganize kuti m'mawa mwake ndinadzuka woyera. Ndinagwanso, osati kamodzi. Koma ndinayamba kuchita zinthu zing'onozing'ono. Ndinapempha Che Saidi kuti ndikasenza matumba azindipatsa ufa ndi nyemba, kuti m'manja mwanga musamakhale chogulira mowa. Ndinasiya kudutsa njira ya kwa amayi otcheza kachasu, ndinkazungulira kunjanji ngakhale kunali kutali. Ndinabwera pano, pansi pa mtengo womwe uno, n'kuwauza akulu a mpingo zonse, osachotsera. Iwo ndi amene anati, kulapa kwako sikuli kuno, kuli ku Zobwe.

Ndinakwera phiri wapansi. Sindinapite kwa Rozina, ndinalibe nkhope yolowera pamudzi paja. Ndinapita kwa amalume anga, amene ali ankhoswe anga, ndipo iwo anakagwada kwa ankhoswe akuchikazi. Tsiku la bwalo ndinakhala pansi, maso pa zala za kumapazi. Rozina anali ataonda, mafupa a m'khosi akuoneka. Sanandiyang'ane. Tereza anabisala kumbuyo kwa amake, sanandidziwe. Amalume ake a Rozina anati, «Banja sitikulithetsa, komanso sitikukubwezerani. Muzigona kwa amalume anu, muzidya komweko. M'mawa muzibwera kudzalima munda munauwononga uja, madzulo muzibwerera.»

Pakamwa panga panatseguka pokha. «Mpaka liti?»

«Tidzakuuzani.»

Pamenepo mtima wakale uja unadzuka. Ndinkafuna tsiku, ndinkafuna mwezi woti ndiziuyang'anira. Koma ndinakumbukira milomo yong'ambika ija, ndinawomba m'manja n'kuvomera.

Ndinalima. Kumapeto kwa chilimwe chizimalupsa inagwanso, fungo lomwe lija, manja anga anayabwa. Ndinakhala pa mpini wa khasu n'kumaiyang'ana mpaka inaleka. Mvula yodzalira itabwera, mbewu sanandigwiritse. Ine ndinkangokumba mapando, Rozina ndi amayi ake akuponya njere pambuyo panga. Ndipo mbewu yake sinali ija. Chimanga cha makolo a apongozi chinatheratu. Amene ankapempha kale anali atachisakaniza ndi zina. Lero nkhokwe yathu anankafumbwe amailowa ngati ya wina aliyense, ndipo ndikaona ufa wawo pansi pa nkhokwe ndimadziwa amene anawaitana. Pali zinthu zina zimene kulapa sikubweza.

Ndinapalira, ndinabandira, tinakolola. Mumtima ndinati, basi, pokolola pano andiitana. Nkhokwe inadzaza, tinaiphimba, amalume ake a Rozina anati zikomo, ndipo ine ndinabwerera kukagona kwa amalume anga. Tsiku limenelo fungo la kachasu linandipeza panjira, ndipo ndinaima nthawi yaitali. Chimene chinandipulumutsa ndi pemphero limene ndinali nditaphunzira. Ndinasiya kuuza Mulungu tsiku. Ndinkangoti, «Ambuye, nyengo ndi zanu. Ndipatseni mphamvu yolima lero.» Ndinapitirira.

Anyamata inu, mvula ili pafupi, ndipo ambiri mukuganiza za kwanu. Ena muli ndi chinthu chimene mukuchikakamiza kuti chipse msanga. Wina ndi banja, wina ndi mwana amene sakubwera, wina ndi matenda amene sakuchoka, ndipo chifukwa chachedwa mwayamba kumwera. Ine sindine mlaliki. Ndingokuuzani kuti khasu ndi lanu, mvula si yanu. Limani, konzani mizere, sungani mbewu pouma. Koma musatsitse mbewu ya pakhomo chifukwa anzanu akukusekani. Ndipo ngati munathawa kwanu monga ine, kwerani phirilo, kagwadeni, ndipo akakuuzani kuti tidzakuuzani, musafunse kawiri.

Ine ndinalimanso chilimwe china, ndinadzalanso, osauzidwa kanthu. Ndinafika posiya kuyembekezera. Tsiku lake silinali la chikondwerero, silinali lokolola, panalibe bwalo kapena ankhoswe. Linali tsiku wamba lopalira, pakati pa dzinja, chimanga chili m'chiuno. Ndinaweruka thupi lonse matope, ndinatsamiritsa khasu pa nkhokwe monga mwa masiku onse, n'kuyamba njira ya kwa amalume. Ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

«Bambo a Tereza.»

Chibwerere changa Rozina anali asanandiitanepo. Ndinatembenuka. Anali ataima pafupi ndi mpanda wosambira kuseri kwa nyumba yathu, manja ake akudontha, nthunzi ikukwera pamwamba pa udzu wa mpandawo.

«Mukupita kuti? Madzi akuzizira.»

Ndinalowa mumpandamo, ndinagwada pafupi ndi mtsuko, ndipo madziwo anaziziradi ndisanasambe.

Mwini dzuwa ndi mvula akusungeni mpaka nthawi yanu itakwana. Amen.